Ng'ona ya Alamu Anga

Akuluakulu akamati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, amakhala akutsanzika mnyamata wopita ku Joni. Alamu anga a ku Mbamba Bay anatolapo mawu awiri okha: dziwe ndi ng'ona. Dziwe anakumba kuseri kwa nyumba, lasimenti, kukula ngati mphasa ziwiri. Ng'ona anakagula ku Songea, ili m'katoni, ndipo wogulitsayo ankaitchula kuti pampu.

M'dziwemo anaikamo tinsomba tagolide, tija tinachokera ku China, komwe anayamba kutiweta zaka zoposa 1,000 zapitazo. Taganizani, nyanja ili pakhomo penipeni! M'miyala yake muli mbuna zabuluu ndi zachikasu zimene azungu amalimbirana. Ku Germany kuli anthu amene sanapondepo m'chigawo chino cha Ruvuma, koma amatchula Hongi ndi Lundo ngati kwawo, poti nsomba zawo za m'magalasi zimadziwika ndi mayina a zilumbazi. Mbunazo ndiye zinamvera mwambi, mpaka kukwera ndege. Alamu anga akuti zimenezo n'zachimidzi.

Pampu siyolakwa kwenikweni. Madzi ongoima amanunkha, ndipo akafunda ndi dzuwa la Novembala mpweya umachepamo, nsomba n'kumangoyasamula pamwamba ngati ana akwaya. Ndiye pampu imayamwa madzi pansi n'kuwalavula m'mwamba kuti apume. Vuto ndi pakamwa pake, sipasankha. Kansomba kakang'ono kapena kodwala kakadutsa pafupi, chipsepse chija chili yalaa ngati diresi la mkwatibwi, kamangoti phaa, kumatirira pomwepo.

Katafa koyamba, mlandu unagwera mphaka. Kachiwiri, nkhwazi, ngakhale nkhwazi yanzeru singasiye kampango m'nyanja n'kubwera kudzatola kanthu kosadzaza supuni. Kachitatu, alamu anayamba kuyang'ana anthu oyandikana nawo ndi diso lofiira.

"Bambo a kuno," anatero achemwali anga, "kwathu nsomba ikafa timati ndiwo zapezeka. Inu mukufuna tiitane abusa?"

Anatipulumutsa ndi agogo ena, msodzi wopuma, amene ankasoka ukonde pansi pa mtengo wa mango. Anaika chala pakamwa pa pampuyo, chala chinakokedwa. "Mwanawe, ng'ona sagona nayo m'dziwe limodzi. Koma poti wagula ndi ndalama, imangire khola."

Kholalo ndi ndowa yakale. Anaiboola mabowo ambirimbiri ndi msomali wamoto, pampu n'kuikhazika m'kati, m'mbali mwake n'kuthiramo timiyala ta kunyanja. Nzeru yake ndi yoti madzi akamalowera m'mabowo ochuluka, palibe bowo limene limakoka mwamphamvu. Ndowayo anaikweza pa njerwa kuti isamayamwe matope, ndiponso kuti paipi ikadzathawa usiku, dziwe lisadzaphwe lonse. Pomaliza anaikulunga ndi neti ya udzudzu. Apa ndinaseka mpaka misozi. Neti imeneyi alangizi a zausodzi akhala akuiletsa kunyanja kuno chifukwa imakokolola ndi tiana tomwe, ndiye lero ndinaiona koyamba ikupulumutsa nsomba. Agogo anachenjeza kuti izichapidwa pafupipafupi, ndere zikaitseka pampu imapsa, ndipo munthu azizimitsa magetsi asanapise dzanja m'madzi. Ng'ona yamagetsi imaluma ndi mwini wake yemwe.

Atamaliza anasamba m'manja n'kuyang'anitsitsa tinsombato.

"Nanga muyamba kudya liti?"

"Sitidyedwa ayi, agogo. N'tongoonera."

"Timadya chiyani?"

"Chakudya chake chogula. Chimachokera m'tauni."

Agogo anatembenukira kunyanja, komwe anyamata ankakonza nyali zokawedzera usiku, osanena kanthu. Madzulo ake tinadya nsima ya kondowole ndi usipa wogula pangongole, alamu akudzuka kawiri pakati pa chakudya, tochi kumanja, kukawerenga ziweto zawo.