Gwirani Tonse, za Khola Tidzaona Mawa

Mukaona Pidgey, mponyereni mpira. Mukaona Pidgey wina, mponyereninso. Ndani akudziwa, mwina ameneyu ndiye wanzeru kubanja kwawo. Eni masewera a Pokémon anatilangiza kalekale kuti tizigwira tonse. Pamene Pokémon imayamba ku Japan mu 1996, mitundu ya tizilomboti inali 151, lero yapitirira 1,000. Khola lokha ndi limene limakula ngati likudwala.

Pokémon GO itatuluka mu 2016, aliyense ankapatsidwa malo a tizilombo 250. Musavutike n'kuwerenga. Foni idzakuuzani yokha kuti mwadzaza, ndipo idzasankha nthawi yabwino: kachilombo kosowa katangotulukira, inu muli padzuwa, batire ikutha.

Pamenepo pitani kwa Professor Willow. Bamboyu amalandira kachilombo kalikonse, n'kukupatsani siwiti imodzi, ndipo sabweza. Kumene amapita nato, munthu waulemu safunsa. Koma musapupulume. Tsegulani a Rattata anu mmodzimmodzi, muwayeze mphamvu, muwayang'ane kumaso, mukumbukire tsiku limene munakumana. Ndiwo zipserere pamoto, zilibe kanthu. Pomaliza tayani awiri, ndipo pobwerera kunyumba mugwire asanu.

Magikarp yekha musamunyoze. Kansomba kameneka kamangophiriphitha, koma kuti kasanduke Gyarados pamafunika maswiti 400. Kugwira kamodzi kumabweretsa atatu, kupereka kwa Willow imodzi, ndiye konzekerani nsomba ngati 100. Ana akafunsa chimene mukuchita usiku wonse, auzeni kuti muli pa usodzi.

Mtima ukakana kutaya, gulani malo. PokéCoins 200, ndalama za m'masewerawa, zimakupatsani malo 50. Mukhoza kuzipeza ulere pa Gym, koma sizipitirira 50 patsiku, choncho dikirani masiku anayi kapena pisani m'thumba. N'zodabwitsa kuti amene anakuuzani kuti mugwire tonse ndi yemweyo akugulitsa khola, koma zimenezo zangochitika mwangozi basi.

Akuluakulu a nthawi ya Game Boy asakunamizeni kuti kale zinali bwino. Bokosi likadzaza, mpira unkakana kuponyedwa mpaka mubwerere kukasintha lina pa kompyuta ya m'masewerawo.

Pokémon HOME, imene inabwera mu 2020, imasunga tizilombo 30 kwaulere, kupitirira apo n'zolipira. Inde, lendi. Inu amene mumabisalira alandilodi kumapeto kwa mwezi, yambani mwalipirira Pidgey, poti iye alibe achibale oti n'kukagonako.