Ife afupi ntchito yathu ndi kunyamula anzathu

Tsiku limene Mulungu ankagawa msinkhu, ine ndinali nditatumidwa kuchigayo. Zimenezi ndinazivomereza kalekale. Telala wanga wa mumsika wa Zomba akandisokera buluku, nsalu yotsala imakwana kabudula wa mwana, ndipo mu minibasi kondakitala amandipanikiza pakona n'kumati, "Bwana inu simudya malo." Sindinkadandaula ayi. Maradona anali wamfupi, Messi ndi wamfupi, ndiye vuto linali pati?

Vuto labwera ndi alamu anga, amene atsika kuchokera ku Joni ndi jezi yobiriwira ya Springboks komanso matenda a rugby. Munthu wake ndi wamtali moti amathyola mapapaya ataima pansi. Chibwerereni nkhani ndi imodzi: South Africa yatenga chikho cha dziko lonse kanayi, mu 1995, 2007, 2019 ndi 2023, ndipo ati chinsinsi chake ndi chinthu chotchedwa lineout.

Mvetserani inunso, musavutike ngati ine. Mu rugby mpira ukatuluka m'bwalo sauponya chisawawa. Anyamata akutsogolo a matimu onse awiri amandanda mizere iwiri, kusiya mpata wa mita imodzi, ndiye wovala nambala 2 amaponya mpira uja chowongoka pakatipo. Amene manja ake ayamba kufika ndiye mwini mpira. N'chifukwa chake nambala 4 ndi nambala 5 amapatsa zimphona. Eben Etzebeth ndi wamtali mamita 2.03, atabwera kwathu ku Matawale angalowe m'nyumba chowerama. RG Snyman amamuposanso. Victor Matfield ankalanda mipira ya adani m'malere, ndipo pa ndime yomaliza ya 2007, pomwe anagonjetsa England 15-6, ndiye anasankhidwa kuti wasewera bwino kuposa onse.

Ndinayesa kudziteteza. Ndinati nanga Cheslin Kolbe ndi Faf de Klerk, anthu osafika n'komwe mamita 1.75, si akatswiri? Kolbe si uja anazemba Angerezi n'kukagoletsa ku Yokohama mu 2019?

"Alamu," anandiyankha uku akuyang'ana mimba yanga, "anthu amenewo amathamanga. Inu mumathamanga pokhapokha mvula ikayamba."

Koma anati ndisataye mtima, malo anga alipo. Zimphona zija sizidumpha zokha. Pamakhala anthu awiri ojintcha, wina kutsogolo wina kumbuyo, ogwira chimphona m'ntchafu n'kuchikweza m'mwamba. Anatchula Tendai Mtawarira, wobadwira ku Harare, amene anasewerera Springboks masewero 117 akukankha ndi kunyamula anzake. Mtima unakhala pansi pang'ono. Kumene kuli munthu wa ku Harare, wa ku Zomba sangalephere.

Loweruka tinapita pa bwalo la ana kuti andiphunzitse. Mpira weniweni panalibe, tinabwereka dzungu kwa mayi a kunyumba, iwo osadziwa. Mnyamata wa kabaza anavomera kukhala woponya, mnzake wogwira kutsogolo, ine kumbuyo. Alamu anatiuza kuti pamakhala mawu achinsinsi oti adani asadziwe amene adumphe. Athu anali "chambo". Adani athu anali mbuzi ziwiri.

"Chambo!"

Abale, kumbuyo kwa munthu wamtali si malo abwino. Nkhope yanga inathera m'kabudula wawo, chidendene chawo chinandipeza pa bondo, ndipo msana wanga unalira mawu amene sindinawamvepo. Iwo m'mwambamo anagwira dzungu bwinobwino, ana onse n'kuwomba m'manja: "Ankolo a ku Joni! Ankolo a ku Joni!" Za ine amene ndinali pansi ndikutuluka misozi palibe anafunsa. Potsika anandiponda phazi, dzungu linasweka, ndipo mlandu wa dzungulo kunyumba unagwera ine. Mlendo sazengedwa mlandu.

Mawa lake ndinakwera phiri la Zomba ndekha kukapumitsa mtima, ndikudumphira mwendo umodzi, amayi osenza nkhuni akundipitirira ngati ndaima. Ndinadutsa damu la Mulunguzi, ndinagula mabulosi kwa anyamata a m'mbali mwa msewu, mpaka ndinakafika pa Emperor's View. Malo amenewa anawatcha dzina chifukwa cha Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, yomwe inaima pamenepo mu 1965. Nayonso inali yaifupi, ndipo ndikukhulupirira kuti amene anaitengera kumeneko anali ndi chifundo. Mu Zomba monse ndi pokhapo pamene ine ndimayang'ana alamu anga chotsitsa maso. Kungoti pamenepo mpira saponyerapo.

Tsopano alamu akuti akufuna kuyambitsa timu, ndipo dzina langa alilemba kale pa onyamula, osandifunsa. Sindikana, mayi a kunyumba ndi mlongo wawo. Koma inu aatali amene mukufuna kudzalembetsa, tigwirizane poyamba. Chepetsani nsima. Kabudula muzichapa. Akakuwomberani m'manja muziloza pansi kuti anthu aone amene wakukwezani. Ndipo tsiku la masewero, chonde, nyemba musadye.