Mmene mungasowetsere nambala ya trela yakale ya boti

Ku Mzimba kulibe nyanja, koma matrela onyamulira maboti aliko. Amabwera ndi anyamata a ku Joni kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza, atasenza mafiriji ndi malata. Boti linatsala komweko, trela ikututa chimanga ku Embangweni. Tsiku lokailembetsa, a MRA ndi a Road Traffic amafunsa nambala ya chasisi, ndipo mwini wake wofuna kuti nkhaniyi idye chaka chathunthu ali ndi njira zodalirika.

Ayambe ndi penti. Opanga matrela amakonda kudinda nambalayi kutsogolo, pachitsulo chokokera, kufupi ndi pomwe trela imakolekedwa kugalimoto, kapena amaiika pa kalata kakang'ono ka aluminiyamu kokhomedwa ndi mariveti. Apake pamenepo penti yakuda katatu. Dzimbiri linayamba kale ntchitoyi, makamaka ngati trela inkamizidwa m'madzi amchere ku Durban potsitsa boti, ndiye pentiyo ikungomalizitsa.

Chitsulo chokokeracho chikathyoka pamsewu wafumbi wa ku Edingeni, apite kwa owotcherera pa Jenda akadule chakalecho n'kuchigulitsa kwa ogula zitsulo. Nambala ipita nacho pa sikelo.

Akanena mnansi kuti burashi ya waya, tochi yowunikira chammbali ndi choko chopaka m'mizere zimaonetsa zilembo zofufutika, amuyankhe kuti galayinda imafulumira. Imafulumiradi: imachotsa dzimbiri ndi nambala yomwe, n'kusiya chipsera chimene wapolisi aliyense pa rodibuloko ya Jenda angachiyang'ane mwachidwi chachikulu.

Nambala ikapezeka mwangozi, mpata udakalipo. Kuyambira 1981 nambala ya chasisi, yotchedwa VIN, imakhala ndi zilembo ndi manambala 17, ndipo mulibe I, O kapena Q, kuopa kuzisokoneza ndi 1 ndi 0. Mwini trela alembe O paliponse pozungulira. Nambala za matrela opangidwa ku South Africa zimayamba ndi AA mpaka AH, koma 4 amaonekanso bwino pamalo pa A. Trela ya m'ma 1970 ikhoza kukhala ndi nambala yaifupi, motero wanzeru amaonjezerapo zake kuti zikwane 17, kuti isafanane ndi ya pa mapepala a ku Joni. Mapepalawo, mwamwayi, anatsala m'chikwama cha mlamu wake ku Hillbrow, ndipo mlamuyo abwera pa Khrisimasi.