Bean wapeza ntchito ya ushushushu

Palibe amene amamutchula kuti Johnny English. Kuyambira pa Boma la Katete mpaka ku Sinda, ngakhale ku Vubwi kumalire, dzina lake ndi Bean basi. Rowan Atkinson kaya avale suti yakuda, kaya am'patse mfuti ndi galimoto yomvera mawu, anyamata a njinga zamoto akangoona nkhope ija pa foni amati Bean wapeza ntchito ya ushushushu. Mafilimuwa alipo atatu, a 2003, 2011 ndi 2018, koma kuno filimu siikalamba. Imayenda pa memori khadi, kuchoka kometera tsitsi kupita kochajira mafoni, ndipo ikafika pakhomo pamene angoika sola, kumeneko ndiye kuti yatuluka dzulo.

Nkhani yosatha m'kamwa ndi ya diso. Mu filimu ya 2011, Johnny English Reborn, mkuluyu amakhala atachotsedwa ntchito chifukwa cholephera kuteteza mtsogoleri wa Mozambique, ndipo amakabisala kwa amonke ku Tibet. Kuyambira pamenepo, wina akangoti "Mozambique", diso lake limayamba kugunda lokha. Tsono ganizirani zimenezi ku Katete, kumene msewu wa ku Chanida umapatukira, kumene malole a ku Tete ndi ku Beira amadutsa usana ndi usiku. Dzinalo limatchulidwa kangati pa tsiku? Pamsika asandutsa masewera. Munthu amene anawoloka malire ndi mpamba wake n'kubwerako chimanjamanja, anzake amamuyandikira, kumunong'oneza kuti "Mozambique", kenaka onse n'kumamuyang'ana m'maso. Amayi ogulitsa tomato ali ndi funso lawolawo, lakuti chikugunda n'chikope chiti. Ati chikakhala cham'mwamba aona mlendo, koma cham'munsi ndiye misozi.

Si onse amaseka pamenepa. Amdala ena ku Sinda amawerenga ndi zala: Machel, Chissano, Guebuza, Nyusi, Chapo. Nanga Shambal, mtsogoleri wa mu filimuyu, analamulira liti? Achinyamata amayankha kuti, "Agogo, n'zopeka izi." Iwo amati akudziwa, koma imfa ya mtsogoleri wa Mozambique si chinthu chopekerapo nthabwala kuno. Samora Machel anafa pa ngozi ya ndege mu Okutobala 1986 akuchokera ku msonkhano ku Mbala, m'dziko lathu lomwe lino. Zaka zotsatira, a Renamo ankawoloka malire usiku, ndipo alipo anthu m'midzi ya kumalireku amene anagonapo kuthengo ndi ana kumsana. Amdalawo ati olemba filimuyi akanangopeka dzina la dziko monga anapekera la munthu. Ine ndili kumbali yawo. Kwa olemba a ku London, Mozambique linali dzina lakutali lomveka bwino m'khutu, pamene kwa ife ndi kwa amalume.

Amayi a chigwirizano nawo ali ndi mlandu wawo, wa mu filimu yoyamba. English amatsatira galimoto yonyamula maliro poganiza kuti m'bokosimo mwabisidwa zokongoletsa zachifumu zobedwa. Amafika kumanda, kuuza ofedwa kuti akulira mwachinyengo, mpaka kukwera pa bokosi n'kuvinapo. Amayiwo amaonera atagwira pakamwa, mapewa akugwedera ndi phwete, kenaka n'kugamula kuti kuno adzukulu akanam'manga ndi luzi pomwepo, ndipo kwa amfumu mbuzi imodzi sikanakwana. Za kuvula buluku bishopu wamkulu wa ku Canterbury pamwambo wolonga mfumu safuna n'komwe kuzitchula, ngakhale kuti ikafika pamenepo palibe amene amadzuka kukaona mphika.

Amene amakondedwa mwakachetechete ndi Bough, wothandizira wa English, amene amasewera ndi Ben Miller. Ndiye amapulumutsa bwana wake kumanda kuja ponamizira kuti ndi wodwala misala wothawa kuchipatala. Ogwira ntchito m'maofesi a pa Boma ati Bough amamudziwa bwino: ndi uja amalemba lipoti usiku wonse, bwana n'kukaliwerenga pamsonkhano ndi kulandira m'manja. Mu filimu yachiwiri malo akewo anatenga Tucker, mnyamata wakuda wanzeru kuposa bwana wake. Ameneyu ndi Daniel Kaluuya, wobadwira ku London kwa makolo a ku Uganda, amene anadzalandira Oscar mu 2021. Ana a sukulu amanyadira kuti iwo anamudziwa asanatchuke.

Odandaula enieni ndi anyamata amene anakulira pa Rambo ndi Van Damme. Ati mateche achepa, ndipo kazitape amene amatsika ndi parachuti pa nyumba yolakwika n'kuyamba kuopseza odwala m'chipatala akungowononga batire.

Aphunzitsi ena amene amawerenga ndemanga pa intaneti anabweretsa nkhani yakuti olemba za mafilimu ku Britain ndi ku America sanawayamikire kwenikweni mafilimuwa. Dandaulo lawo lalikulu linali lakuti nthabwala zake umaziona zikubwera zili patali. Komabe iliyonse mwa atatuwa inapeza ndalama pafupifupi madola 160 miliyoni padziko lonse. Atamva zimenezi, ometa tsitsi wina anaimitsa makina, kasitomala ali ndi mutu wometedwa theka, n'kufunsa kuti, "Nanga pa nthano ya Kalulu, alipo amene sadziwa kuti Fisi apusitsidwa?" Apa anakhoza. Kukoma kwake kuli pa kudikira komweko. English akakhala pa mpando wa mu ofesi pamaso pa nduna yaikulu n'kuyamba kuseweretsa kachitsulo kotsitsira, chipinda chonse chimakuwa kuti, "Siya iwe, siya!" Mpando ukamatsika naye pang'onopang'ono iye nkhope ili gwa, anthu amakhala atagwa kale pa benchi. Ndipo sikuti amene anapanga mafilimuwa sadziwa za James Bond. Neal Purvis ndi Robert Wade, amene analemba nawo yoyamba, ndi omwewo analemba mafilimu angapo a Bond. N'chifukwa chake chipongwe chake chimalasa penipeni.

Pali chinanso chimene olemba a kunjawo sangachimve. Pa nthawi ya chipani chimodzi, mpaka 1991, munthu ukafuna kutchula boma pamowa unkayamba wacheuka. Mlendo wovala bwino wosadziwika kwawo ankazimitsa macheza pa bala yonse. Tsono kuona shushushu akukwera m'paipi ya chimbudzi n'kutulukira pamwamba atadetsedwa thupi lonse, akuluakulu amaseka nthawi yaitali kuposa ana, mpaka kupukuta misozi.

Ku Vubwi, kumene foni imatha kugwira netiweki ya ku Malawi mwini wake ali pakhomo pake, yokondedwa ndi ya 2018. M'menemo akuba a pa kompyuta amaulula maina a akazitape onse, boma n'kukakamizika kuitana English, amene tsopano ndi mphunzitsi ndipo safuna foni yamakono. Aphunzitsi opuma ntchito aigwira nkhaniyi ndi manja awiri. Wina amayenda ndi kafoni kake ka mabatani komangidwa ndi mphira, ndipo aliyense womuseka amamuuza kuti asathamange, tsiku likubwera limene Lusaka idzafune munthu amene intaneti siimudziwa.