Malipiro anga amasasa

Mkaka wakwera mtengo kuno ku Palabana, ndipo m'boma lonse la Chongwe ndine ndekha amene malipiro ake atsika chifukwa cha nkhaniyi.

Ndine mphunzitsi wa Chingerezi, Mmalawi, wogwira ntchito kunja. Amayi kumudzi akamauza anzawo amalekezera pomwepo pa “kunja”, satchula dziko. Maloto anga anali a ku South Korea, koma kumeneko chiphaso cha aphunzitsi a Chingerezi amapatsa makamaka eni mapasipoti a America, Britain, Canada, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Shakespeare yense ndinaloweza uja sanandithandize. Kunja kumene thumba langa linakwanitsa ndi kuja umakwera basi, n'kudinditsa pasipoti pa Mchinji ndi pa Mwami, n'kupeza anthu akudya nsima yomweyo.

Sukulu imene inandilemba ndi yoyima payokha, ndipo dzina lake ndilisunga chifukwa ndikufunabe kudya. Chiyambireni Januwale 2022, pamene boma la Zambia linachotsa fizi m'sukulu zake, makolo ambiri anasamutsira ana awo ku zaulere. Otsalawo amalipira akakumbukira. Tsono adairekita, amenenso ali ndi khola kuseri kwa makalasi, anandiitana n'kunena mwaulemu wonse: “Ba Sir, theka tizikupatsani ndalama, theka linalo mkaka.”

Munthu ungakane bwanji mkaka ku Palabana? Dera lino linatchuka ndi sukulu yophunzitsa ulimi wa ng'ombe za mkaka, ndipo ng'ombe ya kuno ikamadutsa pamsewu imakuyang'ana podziwa kuti mlendo ndiwe. Ndinasayina.

Anzanga amalandirira kubanki, ine ndimalandirira m'chigubu. Anzanga amadandaula kuti malipiro amatha mwezi usanafike pakati; anga amasasa tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba magetsi n'kumangobwera kudzatipatsa moni, ndinakhala mpondamatiki wa chambiko, chimene eni dziko amati mabisi. Ndinkachidya m'mawa, masana ndi usiku. Ndinanenepa masaya, moti nditatumiza chithunzi pa WhatsApp, abale onse anagwirizana kuti zanga zayera. Malume anapempha malata. Mlongo wanga anapempha fizi ya ana awiri. Wina amene sindikumudziwa n'komwe, koma akuti tinayamwa kwa agogo amodzi, anapempha njinga yamoto.

Sindiwadzudzula. Kwacha ya kwathu itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wogwira ndalama ya ku Zambia amaoneka ngati nduna. Koma ndafunsa kwa onse otumiza ndalama pafoni, palibe amene amalandira malita. Mwini nyumba yekha ndiye anavomera, ndipo panopa ali ndi chidwi chachikulu ndi thanzi la ng'ombe ya adairekita kuposa langa.

Ng'ombeyo ndiye abwana anga enieni. Ikadya bwino, ndalemera. Ikadwala, dokotala wa ziweto amabwera pa galimoto tsiku lomwelo. Ine nditadwala malungo anandiuza kuti ndimwe malipiro anga akadali otentha. Iyo ili ndi kachikwangwani kukhutu ndipo palibe amene amaifunsa zambiri. Ine ndinayenera kulembetsa ku Teaching Council of Zambia, kupeza chilolezo chogwirira ntchito, ndi kujambulitsa masatifiketi mpaka inki kutha. Tikakumana m'mawa ndimayamba ndine kupereka moni.

Ndiye sabata yatha adairekita anabwera ndi kakyuleta. Akuti popeza lita yakwera, ndalama zomwezo zikugula malita ochepa, choncho chigubu changa chizibwera chosadzaza. Ndinayesa kutsutsa m'Chingerezi chapamwamba, chija chokhala ndi ziganizo zitatu m'mimba mwa chimodzi. Anandiyamikira kuti n'chifukwa chake anandilemba ntchito, n'kuthira mzere pachigubu ndi choko changa chomwe.

Chimene chimandiwawa si mzerewo ayi. Kwathu ndinasiya ana opitirira 100 m'kalasi imodzi, ena pansi pa mtengo, pamene ife amene boma linatiphunzitsa ndi misonkho ya makolo awo tinkauzidwa chaka ndi chaka kuti tidikire. Zambia inalemba aphunzitsi oposa 30,000 mu 2022 mokha. Ife mu 2023 tinkaombera m'manja ndege yonyamula achinyamata kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Boma lophunzitsa mphunzitsi n'kumusiya pakhonde likubera mwana amene akudikira m'kalasi, ndipo mwanayo sadzabwezeredwa Sitandade 3 yake.

Pepani, ndakweza mawu. Mabisi akachuluka m'mutu amatero.

Dzulo kwabwera chikalata china. Ng'ombe ija ili ndi bere, ndipo miyezi iwiri yomaliza saikama. Abwana akupita kutchuthi cha uchembere, malipiro anga akuwaperekeza. Adairekita akuti ndisade nkhawa, Lolemba tikhala pansi tikambirane za mazira.