Kotesheni ya Kakhitchini

Sabata yatha ndinaitana mmisiri kuti adzaone pomwe ndikufuna kumanga kakhitchini, kuno kufupi ndi Lifupa. Anabwera tepi ili m'chiuno, pensulo pakhutu. Malowo sanawayang'ane n'komwe. Anayang'ana nsapato zanga, malata a nyumba, kenako chigafa, n'kufunsa kuti, "Madala, chaka chino ku Chinkhoma mwatumiza mabelo angati?"

Kuno mtengo wa ntchito umachokera pa fodya wa mwininyumba. Mu Januwale khitchini yomweyi akhoza kukumangirani ndi thumba la chimanga. Msika wa fodya ukangotsegulidwa, maziko okha afuna belo lathunthu.

Tepi ija anaitulutsa mochedwa, kuikoka pang'ono, kuibweza kuti phwa! Kenako anausa moyo. Kuusa moyo kumeneko kuli ndi mtengo wake. Kupukusa mutu kulinso ndi wake. Akafika pokanda m'mutu ndi pensulo, dziwani kuti mbuzi yanu yapita.

Atandipatsa kapepala ka kotesheni, ndinafunsa chomwe mchenga wakwerera chonchi. "Dola, bwana." Mchenga wa kudambo kwathu konkuno, wobwera pa ngolo! Ng'ombezo zinayamba liti kudya dola? Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola yalowa m'dothi, m'nsungwi, ngakhale m'madzi a pachitsime. Simenti imapangidwa ku Kasungu konkuno, ku Shayona, koma iye amaitchula ngati imachita kubwera pa ndege.

Pansi pa kapepala kake panali mzere wolembedwa kuti "Njovu". Akuti chibwerereni njovu 263 zija kuchokera ku Liwonde mu 2022, khoma liyenera kunenepa, komanso iye afunika ya mantha pobwerera madzulo pa njinga.

Chowawa n'chakuti ukapereka dipoziti, foni imazima, ndipo agogo ake amwalira kachitatu njerwa zisanafike pa zenera. Komatu nafenso eninyumba sitili oyera. Ndi angati a ife anauza mmisiri kuti "ndikupatsani ndikagulitsa", fodya n'kugulitsidwa, ndalama n'kuthera pa Boma?

Tinakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza anagwira pachifuwa n'kunena kuti, "Poti ndinu munthu wamkulu, njovuyo ndachotsa." Ndisanathokoze n'komwe, analoza tambala wanga ndi pensulo ija: "Uyo ndi wa ndiwo za anyamata tsiku loyamba. Nanga atadzi muli nawo angati?"