Ulemu kwa Kasupuni ka M'kabati

Mu Lusaka anthu olemekezeka ndi ambiri, ndipo ku Longacres ndiye kuchimake. Akazembe, akuluakulu a m'maofesi a boma ndi maloya amadzaza msewu wa Haile Selassie m'mawa uliwonse, aliyense akuthamangira ntchito, kapena akuthamangira kukaoneka ngati ali pantchito. Koma pamene onsewa akulakalaka kufika, poti munthu azilemekezedwa osakhetsa thukuta, anafikapo ndi mmodzi yekha. Ameneyu ndi kasupuni ka siliva kamene kamakhala m'kabati ya magalasi pabalaza, pakati pa chithunzi cha ukwati ndi makapu a alendo amene sanafikebe. Anthu otolera tisupuni totere, pamodzi ndi tibokosi ta fodya wa m'mphuno ndi mamendulo a nkhondo zakale, akhala akusekedwa kuti ndi osowa chochita. Ine ndikuti iwowa ndiwo anazindikira msanga mwini ulemu, ndipo umboni ulipo wokwanira.

Ulesi wa kasupunika si wongodzuka nawo, uli ndi zifukwa zomveka. Pa zitsulo zonse, siliva ndiye amayendetsa kutentha mofulumira kuposa zinzake, motero mukangokaviika m'tiyi, chogwirira chimayamba kuotcha zala shuga asanasungunuke. Mukakapatsa dzira kamathimbirira, poti m'dzira muli sulufule, ndipo sulufule akakhudza siliva pamatsala mawanga akuda. Mchere umakadya n'kusiya timaenje. Ngakhale mukaleke osakagwira, mpweya wokha umakadetsa pang'onopang'ono. Mukati mukakweche ndi phulusa ndi mchenga monga tichitira ndi mapoto, ndiye kuti mukupala siliva yemweyo, zilembo zake zimafufutika, mtengo n'kugwa. Mundipezere wantchito wina amene dokotala anamuletsa tiyi, dzira, mchere ndi kusamba komwe, koma bwana n'kumamusungabe pamalo apamwamba m'nyumba. Ntchito zonse kanasiyira mng'ono wake, supuni ya chitsulo chosachita dzimbiri, mtundu wa chitsulo umene Harry Brearley anautulukira ku Sheffield mu 1913. Ndiye taonani malipiro a khama: mng'onoyo amapalira mkute m'poto, ana amakumbira dothi, ndipo mapeto ake amakasowera kumaliro a aneba, osafunsidwanso ndi munthu.

Wina anena kuti kuno timadya nsima ndi manja, ndiye supuni yosalowa ngakhale m'phala ndi yachiyani? Mfundo imeneyi ikuthandiza ine. Ku England kasupunika kakanamaitanidwa masana aliwonse kukatakasa tiyi. Kuno kanapeza dziko limene mthiko umavundula, chipande chimaomola, dzanja n'kumaliza zonse. Kanasankha bwino posamuka.

Pali chinanso chimene kasupunika kamaposera anthu ambiri, ndicho mapepala. Wotolera weniweni akatola supuni sayamba ndi kuyang'ana kukongola kwake. Amaitembenuza, n'kuika galasi lokuzira kuseri kwa chogwirira, pamene pali tizizindikiro tating'ono tondondozana. Mkango woyenda utakweza dzanja ukunena kuti pa magawo 1,000 alionse, 925 ndi siliva. Mutu wa kambuku ukunena kuti anakayeza ku London, nangula ndiye Birmingham, chisoti chachifumu pa zinthu zakale ndiye Sheffield. Pambali pake pali chilembo chimodzi cha chaka, kenako zilembo zoyamba za dzina la mmisiri kapena kampani yake. Lamulo loyeza siliva motere linayamba mu 1300, m'nthawi ya mfumu Edward I. Ambiri a agogo athu akafunsidwa chaka chobadwa ankangoti chaka cha dzombe kapena cha njala, pamene kasupuni kotakasira tiyi kali ndi chaka, mzinda ndi kholo lake, zonse zodindidwa pathupi.

Apa m'pamene mendulo, mnzake wa m'kabati momwemo, amachitira umboni wamphamvu. Asilikali a Northern Rhodesia Regiment anamenya nkhondo ku Tug Argan, ku British Somaliland, mu 1940, ndipo pambuyo pake anakafika mpaka ku Burma. Maina a malo amene asilikali a kuno ku Africa anavutikirako akadalipo pa zipata za misasa ya asilikali: Arakan mu Lusaka, Chindwin ku Kabwe, Tug Argan ku Ndola, Gondar ku Chipata, ndipo msewu wa Burma ukudutsa pa Kabwata mpaka lero. Nanga anthuwo anabwera ndi chiyani? Mendulo ya War Medal ya 1939 mpaka 1945 imene Britain ankapereka inali yoyera ngati siliva koma inali ya kopa wosakaniza ndi nikelo, pamene ya asilikali a ku Canada inali ya siliva. Nyenyezi ya Burma Star inali ya kopa wosakaniza ndi zinki. Ndipo mwa lamulo la Britain, mamendulo a nkhondo imeneyi ankaperekedwa osalembedwa dzina la mwini wake. Choncho munthu amene anayenda m'matope a ku Burma, malungo ali m'thupi, analandira chitsulo chopanda dzina, pamene supuni imene sinachokepo patebulo ili ndi zidindo zinayi. Amene amaphunzitsa ana kuti ulemu umatsata khama ayambe wafotokoza zimenezi.

Ena amaipidwa kuti zonsezi ndi zotsalira za atsamunda. N'zoona, sindikana. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinatha pa 31 Disembala 1963, ufulu unabwera pa 24 Okotobala 1964, ndipo mabanja ambiri a azungu ananyamuka n'kusiya tizinthu tawo kwa akhukhi, kwa anzawo ndi pamalonda a katundu wa m'nyumba. Koma tiyeni tinene chilungamo: mwa atsamunda onse amene anabwera kuno, kasupunika ndiye kokha kamene sikanalande munda, sikanakhometse msonkho wa nyumba, sikanafunse munthu chitupa, ndipo malo amene kanatenga ndi osakwana chikhato. Lero kamadikira mwini nyumba wa ku Woodlands kapena ku Kabulonga kuti akapukute akafuna, ndipo akapanda kufuna kamangoda mwakachetechete, osalemba kalata yodandaula.

Chitsutso cholemera kwambiri n'chakuti tisupuni tambiri ta m'makabati athu si ta siliva n'komwe. Zoonadi, mukatembenuza tambiri mupeza zilembo EPNS, kusonyeza kuti mkati ndi kopa, nikelo ndi zinki, ndipo siliva anangomupaka pamwamba ndi mphamvu ya magetsi, mwa njira imene a Elkington a ku Birmingham analembetsa mu 1840. Kasupuni kotere kakakalamba, pamsana pake pamene kamagonera pamayamba kuoneka chikasu. Koma musafulumire kukaweruza. Mu 1947 boma la Britain linachotsa siliva m'makobidi ake onse ogulira zinthu, Southern Rhodesia nayenso anachita chimodzimodzi, kotero tiki ndi sheleni za Chitaganya zimene makolo athu ankamanga pansonga ya chitenje zinali zoyera maonekedwe okha. Ngati nyumba yachifumu inaika nkhope yake pa siliva wonamizira ndipo anthu ankagulira mchere osanyinyirika, kasupuni kalakwanji? Komanso kwa ife a dziko la kopa pali chotonthoza. Migodi ya Nkana ndi Roan Antelope wa ku Luanshya itayamba kutulutsa kopa wochuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, wambiri ankapita ku Britain. N'kutheka ndithu kuti kasupuni ka EPNS ka m'zaka zimenezo ndi mwana wa ku Luanshya amene anapita kunja n'kubwerako atavala jekete yoyera, ndipo anthu otere mwa mwambo wathu timawapatsa mpando.

Pa nkhani ya chuma ndiye anthu oseka otolera tisupuni akhale chete. Kwacha itayamba mu Januwale 1968, kwacha imodzi inkaposa dola ya ku America. Pofika 2012 dola imodzi inkafuna makwacha pafupifupi 5,000, ndipo pa 1 Januwale 2013 Bank of Zambia inadula maziro atatu kuti anthu aleke kuwerenga mamiliyoni pogula sofa. Amene anabisa ndalama zamapepala pansi pa matiresi anatsala ndi zithunzi za nkhwazi. Kasupuni ka siliva weniweni sikanataye kulemera kwake. Kalinso ndi luso lobisala poyera. Ngakhale lamulo la chuma chamasiye la 1989 lilipo, tonse tikudziwa zimene achibale ena amachita mwambo wa maliro ukangotha: maso amakhala pa galimoto, firiji, wailesi yakanema ndi mapepala a nyumba. Tisupuni takuda ta m'kabati amatisiyira mayi wamasiye pamodzi ndi makatani.

Mdani weniweni wa kasupunika si wakuba kapena womuseka, koma mdzukulu wodziwa masamu. Iyeyu saona mkango kapena nangula, amaona sikelo, ndipo amadziwa kuti ogula zitsulo amalipira pa galamu n'kukasungunula. Siliva wosungunulidwa masiku ano ali ndi msika waukulu kwa opanga mapanelo a sola, chifukwa timizere toyera timene timatolera magetsi pa panelo timapangidwa ndi siliva. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi a ku Kariba, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, mapanelo amenewa anachuluka pamadenga a ku Chelstone, Kabwata ndi Longacres momwe. Ndiye lingalirani chipongwe chake: kasupuni kamene kanakana tiyi kwa zaka 100 kakagwidwe, kasungunulidwe, kakwezedwe padenga la malata, n'kumakhala padzuwa la Okotobala kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kakutchajira anthu mafoni. Amene ali ndi kabati aikhome, ndipo kiyi asampatse mdzukulu amene anakhoza bwino masamu.